Msonkho wa pa Mlatho Wong'aluka

Kalekale, msewu wa ku boma usanalawe phula, kunali mudzi wotchedwa Mtsukunya, m'mbali mwa mtsinje wa Kaphulika. Chipatala, chigayo ndi msika zonse zinali kutsidya, ndipo njira yapafupi yokafikira kumeneko inali imodzi yokha: mlatho wa matabwa wokhala pa zipilala za simenti.

M'mudzimo munali mayi wina wamasiye, dzina lake Nachanza. Ana anabereka angapo, koma dothi linamulanda onse n'kumusiyira mmodzi, Chikaiko, mwamuna wandevu zake kale. Chikaikoyu anali ndi ngolo ya ng'ombe, ndipo ankawolotsa katundu wa anthu pamlathopo, m'mawa kupita, madzulo kubwerera. Mchere ndi sopo wa m'nyumba ya Nachanza zinkachokera pa ngolo imeneyo. Mayiyu analinso ndi alongo ake atatu a bere limodzi: Zalimba, Kachere ndi Msosa.

Tsiku lina m'mawa, amayi ali pamtondo, nthaka inabangula ngati nkhunzi. Mitondo inagwa, mitsuko inasweka, nkhuku zinathawira m'mitengo. Chivomezicho chitadutsa, anthu anathamangira kumtsinje. Mlatho unali chiimire, koma chipilala chapakati chinali chitang'aluka kuyambira m'madzi mpaka pamwamba, mng'alu woti munthu n'kupisamo mkono.

Msosa, amene anali mmisiri womanga, analowa m'madzi, n'kugogoda chipilalacho ndi nyundo. Anapukusa mutu.

"Ichi chafa kale, chikungodikira wochiika m'manda," anatero. "Nthaka ikangoyetsemulanso, mlathowu tikautola kumunsi. Pakufunika zitsulo zochimanga m'chiuno, ndi simenti yosati yamasewera."

"Zingadye ndalama zingati zimenezo?" anafunsa wina.

"Gulitsani khola lonse la ng'ombe, mwina muyandikira."

Amuna anapita ku boma. Kumeneko anawapatsa mipando yabwino, n'kuwauza kuti nkhani yamveka, abwera. Mvula inagwa mpaka kukata, osabwera. Ndiye anthu anapangana okha kuti aliyense wowoloka azisiya kenakake: wapansi khobidi, wanjinga ochulukirapo, wangolo ochulukanso, wopanda ndalama mbale ya nyemba. Anapingasa nsungwi polowera pamlatho. Lamulo limodzi lokha ndi limene silinafune kukambirana: wopita kumaliro salipira. Ndani angatchingire munthu wokalira?

Ntchito yonse anaipereka kwa alongo a Nachanza, chifukwa ankadziwika kuti alibe zala zazitali. Zalimba azikhala pa nsungwi, Kachere azisunga chitini cha ndalama, Msosa adzamange zikakwana.

Kuyambira pamenepo Nachanza anasanduka khutu. M'mawa uliwonse ankasiya chimene akuchita n'kumamvetsera ngolo ikuti gudugudu pa matabwa, ndipo mpweya ankautulutsa ikafika kutsidya.

"Chikaiko, ukafika pakati paja usamaime," ankatero.

"Amayi, ng'ombe zangazi zimaudziwa mlatho kuposa amalume," mwanayo ankayankha akuseka.

Tsono mverani zimene anachita alongo atatuwa.

Zalimba poyamba anali wouma ngati mwala. Ngakhale apongozi ake enieni anawalipiritsa, iye nkhope atayang'ana kumbali. Koma tsiku lina kunabwera mayi wachilendo atasenza dengu, n'kunena kuti ali pa zovuta.

"Maliro a ndani, mayi?" anafunsa Zalimba. "Bwanji uthenga sitinaumve?"

Mayiyo anatula dengu. Munali kansalu katsopano ndi beseni laling'ono.

"A mwana wanga, bambo. Watisiya ku chipatala. Ndikukamusambitsa."

Onse amene anali pamzere anamva. Zalimba anakweza nsungwi, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanafunsenso munthu za maliro. Anthu nawo sachedwa kuona pamene mpanda wafooka. Maliro anachuluka kutsidya kuposa anthu okhalako. Mayi akangomanga duku, maso pansi, "Zovuta, achimwene," nsungwi m'mwamba. Nachanza yemwe, amene ankaopa mlatho kuposa onse, anadutsapo motero kangapo, dengu litavundikiridwa ndi chitenje.

"Zovuta zake zofiira chonchi, chemwali?" anatero Zalimba tsiku lina, ataona tomato akusuzumira pansi pa nsalu.

"Kwezani nsungwiyo, achimwene, musandichititse manyazi."

Anakweza. Khobidi limodzi, amati, silingagwetse mlatho.

Kachere naye anasunga chitini mokhulupirika. Chinkadzaza pang'onopang'ono, komabe chinkadzaza. Ndiye kunagwa chilala. Pofika miyezi ya njala, amayi anayamba kubwera pakhonde pake. Sankapempha kanthu. Ankangokhala pansi ndi ana atsitsi lofiirira pamiyendo, n'kumayang'ana chitseko.

"Ndalama izi n'za chipilala," anatero Kachere.

"Chipilalacho chili ndi mimba?" anafunsa mayi wina. "Mlatho mukumangawo adzawolokepo ndani, mizimu?"

Kachere analimba masiku ochepa, kenako anatsegula chitini. Anagula chimanga n'kugawira mabanja, pangano lake lakuti adzabweza pokolola. Thumba loyamba linalowa m'nyumba ya mlongo wake, chifukwa Chikaiko anali atafooka moti goli la ng'ombe linkamukanika kunyamula. Chaka chimenecho m'mudzi wa Mtsukunya simunafe munthu ndi njala, ngakhale mmodzi. Koma zokolola zinabwera zowonda. Ena anabweza theka, ena akamuona Kachere ankasintha njira. Chimanga cha ngongole chimatsika bwino pakhosi, chimadzatsamwitsa pobweza. Nachanza thumba lake sanabweze. Sanaiwale ayi, ankalikumbukira nthawi iliyonse akaona mlongo wakeyo akudutsa, koma m'nkhokwe munalibe chotapa.

Msosa ndiye ankayang'ana mng'alu ukukula. Amalonda ochokera kutali, amene ankalipira bwino osanamizira maliro, ankafika pamtsinje, kusuzumira chipilala, n'kutembenuka kukazungulira njira yakutali. Chitini chinauma. Msosa anasinkhasinkha: popanda amalonda palibe ndalama, popanda ndalama palibe zitsulo. Anatenga zotsala m'chitini, n'kugula simenti yochepa, yosakwana kuchiritsa chilichonse. Anamata mng'alu wonse mosalala, pamwamba n'kupakapo laimu. Chipilala chinayera mbee ngati khoma la tchalitchi.

Nachanza anamupeza akusamba m'manja m'mphepete mwa mtsinje.

"Mwakonza, achimwene?"

"Ndaphimba, chemwali. Kukonza tikonza ndalama zikabwera. Munthu saponda pa bala akuliona."

Nzeruyo inagwira. Amalonda anabwerera, makobidi anayambanso kulira m'chitini. Koma a m'mudzi nawo anaona kuyera kuja. "Mlatho akonza, tizilipiranji?" Ndipo angolo, amene kale ankatsitsa theka la katundu n'kuwoloka kawiri, anayamba kudutsa atadzaza mpaka pamwamba.

Nyengo yogulitsa fodya inafika. Mlimi wina anapempha Chikaiko kuti amuwolotsere mabelo ake onse ulendo umodzi, malipiro ake abwino.

"Amayi, nditenge?" anafunsa Chikaiko. "Ndi olemera, komatu amalume anakonza."

Nachanza mawu aja anali nawo m'khutu: ndaphimba. Analinso ndi thumba la chimanga pamtima. Anayang'ana kumtsinje. Nthaka inali itakhala chete nthawi yaitali, ndipo zitsulo zoyamba Msosa anali atagula kale, zili gone m'mphepete kudikira zinzake.

"Tenga, mwana wanga. Tibweze chimanga cha amalume ako, tiziyenda mutu uli m'mwamba."

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, Nachanza anali kupeta pabwalo. Anamva gudugudu wa ngolo ikukwera matabwa, n'kuimitsa lichero monga mwa masiku onse. Asanatulutse mpweya, nkhunzi ija inabangulanso pansi pa nthaka. Sichinali chivomezi chachikulu. M'mudzi simunagwe nyumba, ngakhale mtsuko sunasweke. Koma kumtsinje kunamveka chiphokoso, kenako zii.

Mtembo wa Chikaiko anaupeza kumunsi, pakati pa mabelo ndi matabwa. Zibenthu za laimu zinkayandama pamadzi ngati makoko a mazira.

Tsiku loika maliro, akuchimuna, abale a malemu bambo wake wa Chikaiko, anabwera kuchokera kutsidya atawoloka m'madzi ofika m'chiuno. Anafika pasiwa zovala zikuchucha. Manda anali atakumbidwa, bokosi litafika pamphepete, pamene mkulu wawo, Gwaza, anaimirira n'kuuza adzukulu kuti ayambe aika zingwe pansi.

"Mwana wathuyu sanadwale," anatero Gwaza. "Chivomezi sitingachiitanire pa bwalo, chilibe mudzi. Koma mlatho unali ndi eni ake, ndipo mwanayu msonkho ankapereka tsiku ndi tsiku, sananamizirepo maliro. Bokosi ili silitsika mpaka mayi wake atiloze amene wamudya. Wolozedwayo apereke ng'ombe ya chipepeso, ndipo asaponye dothi m'manda muno. Alamu, alongo anu ndi awa. Mukuwadziwa ndinu."

Anthu onse anamvetsa kulemera kwake. Malume woletsedwa kuponya dothi pa mwana wa mlongo wake ndiye kuti wachotsedwa pa mbumba ali moyo.

Zalimba anayamba ndiye. "Ndikanakhala wouma mtima, chitini chikanadzaza njala isanafike, zitsulo zikanakhala zili m'chiuno mwa chipilala. Koma ndiuzeni, ndani wa inu akanafunsanso atamuona mayi uja ndi beseni lake?"

Kachere anati, "Ndikanapanda kutsegula chitini, mwina mlatho bwenzi uli chilili. Koma theka la ana aimirira apawa bwenzi tikuwapalira pamanda pano. Amene ali m'bokosiyu naye anadyako."

Msosa sanadzutse mutu. "Ndinamata kuti ndalama zibwere, ndipo zinabwera. Zitsulo mwaziona kumtsinje. Amene anandifunsa sindinamunamize."

Atatero anangoyang'ana mlongo wake kamodzi, n'kugwetsanso maso.

Nachanza anadzuka amayi awiri atamugwira m'khwapa. Anakweza dzanja kuloza kwa Zalimba, tomato uja n'kumubwerera m'maso, ndi mawu ake omwe akuti kwezani nsungwiyo. Analitembenuzira kwa Kachere, m'kamwa mwake n'kumveka phala la chimanga chija, limene anamwetsa mwana wake mpaka kudzuka. Analipititsa kwa Msosa, amene anamuuza zoona m'mphepete mwa mtsinje, iye n'kuzisunga m'khutu osazifikitsa kwa mwana.

Dzanja linayamba kupinda lokha kulunjika pachifuwa pake.

"Ayi, alamu," anatero Gwaza. "Mayi salipira mwana wake, walipira kale ndi mimba. Lozani mwa atatuwa."

Dzuwa linapendeka. Adzukulu anakhala pansi pa mulu wa dothi, makasu ali pambali. Amayi oimba nyimbo zinawathera, anangotsala kuthamangitsa ntchentche pa bokosi ndi timasamba. Kutsidya kwa mtsinje kunali anthu ena obwera kudzalira, ataima pamene panali mlatho, akusowa powolokera. Nachanza anali chiimire, dzanja lili m'malere, mwana wake akudikira kulowa m'nyumba yake yomaliza.

Tsono inu amene mwamva, mlandu suwola, ndipo maliro sagona panja kawiri. Woyamba anachita manyazi ndi misozi ya mayi wolira, wachiwiri anachita chisoni ndi ana anjala, wachitatu anabisa bala kuti apeze mankhwala ake. Onse atatu anamukomera mtima mlongo wawo, iyenso analandira ndi manja awiri. Mukanakhala inu Nachanza, dzuwa likulowa, adzukulu akukuyang'anani m'maso, chala chimenecho mukanaloza nacho ndani kuti mwana wanu aikidwe?