Mlatho wa Orrin Tewksbury

Pamalo ochekera matabwa a Orrin Tewksbury, kuno ku Wisconsin, macheka ankalira kuyambira mbandakucha, koma pakamwa pa mwini wake pankasokosa kuposa macheka. Munthuyu anayamba ndi nkhwangwa imodzi ngati ife tonse. Mitengo ya paini itamulemeretsa, anaona kuti mimba yakeyo ikuyenera mpando wa ku Nyumba ya Malamulo ku Washington.

Omuvotera anali kutsidya kwa mtsinje, kumisasa ya odula mitengo, pomwe kovotera kunali m'tauni. Tewksbury anapita kumisasako, nadya nawo nyemba ndi nyama ya nkhumba patebulo limodzi, nawalonjeza mlatho. Tsiku lovota kunali chisanu cholasa m'mafupa, koma amuna aja anawoloka madzi olekeza m'chifuwa, nsapato zili pamutu, mano akugundana. Kapitawo wawo, Ansel Dunphy, anatengapo chifuwa chosamva mankhwala. Tewksbury anapambana.

Ku Washington anaphunzira kuvala chipewa chachitali ndi kuwodzera pampando wofewa. Za mlatho, zii. Atabwera kudzaona macheka ake, Dunphy anamukumbutsa. Tewksbury anati boma lili ndi nkhani zikuluzikulu.

"Kamtsinje kameneka?" anatero akuseka. "Ine ndinkakawoloka ndili mnyamata, osadandaula."

Mkazi wake Hepzibah anamuuza kuti angomanga yekha mlathowo, poti matabwa anali mbwee pabwalo. Anakana. Anati matabwa ndi ogulitsa, ndipo munthu amene anawoloka kamodzi adzawolokanso.

Chisankho china chinafika mtsinje utadzaza ndi mvula. Wopikisana naye, loya wa m'tauni, anali atakokera kale eni masitolo kumbali yake. Dzuwa linapendeka popanda wa kumisasa ndi mmodzi yemwe woonekera. Tewksbury anathamangitsa ngolo mpaka kumtsinje, ndipo anawaona onse atakhala pazipika kutsidya, akusuta kaliwo, nsapato zili kumapazi.

"Dunphy, wolokani anthu inu! Atseka posachedwa!"

Dunphy anayamba watsokomola, kenaka anayankha mosafulumira. "Tafika kalekale, olemekezeka, tikungodikira mlatho. Apo ayi bwerani mudzatitenge. Paja inu mumakadziwa kamtsinjeka."

Tewksbury anayang'ana madziwo, nayang'ana nsapato zake zopukutidwa bwino. Sanaviike ngakhale chala. Mpando unapita kwa loya uja, ndipo chipewa chija masiku ano chimayendera macheka, utuchi uli mbuu.

Akuluakulu sananame: ukakhala pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.