Mbuzi Yoyesera Mfuti

Wamalonda wina anabweretsera a Chidzanja, eni esiteti ya fodya, mfuti yamakono yokhala ndi galasi loonera patali. Iwo anaitembenuza uku ndi uku, akukayika ngati n'koyenera kuigula. Kenaka anaitana Lufeyo, tenanti wawo.

"Iwe, kamange mbuzi yako pamtengo apo, ndiyeserepo mfutiyi."

Lufeyo mtima unangoti myuu, poti mbuzi anali nayo imodzi yokha, yaberenso. Anavula chipewa.

"Bwana, mbuzi yomangirira pafupi ngakhale mfuti yachikale ya gogodela ingaiphe. Anthu akusekani. Taonani yakuda ikudya kutsidya kwa dambo iyo. Iwombereni ili komweko, tione ukatswiri wanu."

A Chidzanja anatukumuka, natsinzina diso limodzi. Phuu! Mbuzi ija khu pansi. Anathamangirako akudziguguda pachifuwa, koma anakapeza kuti apha tonde wawo wachizungu, wobereketsa khola lonse.

"Lufeyo! Suja unati ndi yako?"

"Ine ndinangoti yakuda, bwana. Mfutiyi gulani ndithu, siphonya. Koma musaiyesenso lero, ng'ombe zanu zikubwera kudzamwa madzi."