Kiyi wa Chigayo cha a Chikalimba

Kalekale, magetsi asanafike m'zigayo, pa Luchenza panali chigayo cha a Chikalimba. Wogaya wake anali a Namakhwa, amene anayamba ntchitoyo tsitsi lili bii mpaka phokoso la injini linawagonthetsa. Dzina lawo silinalembedwe paliponse, poti malipiro awo anali madeya ndi ufa wosesa pansi.

A Chikalimba atadwala mwakayakaya anaitana ana awo atatu, Lusiyano, Enelesi ndi Dulani, koma kiyi wa chigayo anamuika m'manja mwa a Namakhwa.

"Munthu uyu ndam'dyera masuku pamutu," anatero. "Mwa inu, amene adzam'pumitse ngati munthu ndiye adzalandire kiyiyu."

Maliro atangotha, kunamveka kuti kukubwera lamulo loti bwana aliyense azisonkhera antchito ake penshoni. Eni zigayo mitima inali m'mwamba. Bungwe lawo linkakumana sabata ndi sabata, kukangana mpaka kusasa mawu. A Namakhwa nawo miyendo inali itayamba kutupa, ndipo ankaopa kubwerera kwawo ku Phalombe chimanjamanja.

Lusiyano, woyamba kubadwa, ananyamula kalata ya bungwe kupita nayo ku likulu. Anam'bweza kawiri, iye osatopa. "Mabwana, mukatiuza kuti tipereke zonse lero, mawa amayi abwerera ku mtondo," anatero. Mabwanawo analola kuti zigayo zazing'ono zizipereka pang'onopang'ono, ndipo chigayo cha a Chikalimba sichinatsekedwe. Komatu m'kalata yomweyo mkuluyu anapemphanso kuti ogaya azitchedwa aganyu, oti lamulo lisawakhudze.

Enelesi atamva zimenezo anaimirira pa msonkhano wa bungwe, mkazi yekha pakati pa abambo. "Achimwene, waganyu wanji wogonthera pa injini yanu zaka makumi atatu?" Anam'kuwiza, ena anam'tchula wogulitsa anzake, koma iye sanakhale pansi mpaka mawu aja anafufutidwa ndipo ogaya analowa m'lamulo. Kungoti mayiyu, ndi ukali wakewo, ankafuna kuti eni zigayo apereke zonse nthawi imodzi. Akanam'mvera, pachigayo pakanamera udzu.

Tsono ku ofesi ya penshoni anafunsa umboni woti a Namakhwa anagwiradi zaka zonsezo. Pepala panalibe. Dulani, chitsirizira, anakwera njinga kuzungulira midzi isanu ndi iwiri, nabwera ndi amayi odzaza lole. Wina anati, "Ine ndinkabwera kuchigayo ndili kumbuyo kwa amayi anga, bambowa ali mbuu ndi ufa. Lero ndikubwera ndi mwana wanga kumbuyo." Onse anadinda zala, ndipo zaka zija zinawerengedwa. Koma tinene zoona, Dulaniyu anali asanasenzepo thumba pachigayo chibadwire, ndipo ankalengeza yekha pamsika kuti akuvutikira kiyi.

Penshoni inatuluka. Tsiku lonyamuka, a Namakhwa anamanga katundu wawo, naima pakhomo la chigayo kiyi ali m'manja.

"Popanda ine, bwenzi palibe chigayo choti n'kukusonkherani penshoni," anatero Lusiyano.

"Popanda ine, bwenzi mudakali waganyu," anatero Enelesi.

"Popanda ine, ndani akanadziwa kuti munagwirapo ntchito?" anatero Dulani.

Amayi anali atandanda ndi matumba a chimanga kuyambira m'mawa, akung'ung'udza kuti ana kunyumba ali ndi njala. Basi ya ku Phalombe inali kuliza hutala pamsewu. A Namakhwa anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, misozi ili m'maso.

"Ana anga, ine ndikungoona milomo ikuyenda. Makutu anathera m'nyumba iyi."

Injini ili chete, basi ikufuna kunyamuka, ndipo mwini nkhani sanamve ngakhale liwu limodzi. Inu amene makutu anu ali bwino ndipo mwamva zonse, a Namakhwa apereke kiyi kwa yani?