Kazenera ka Pansonga

Mwamuna wake atamwalira, mayi wina wosoka zovala anatopa ndi nyumba ya zipinda zinayi, poti chipinda chilichonse chinkamukumbutsa malemu. Anaisiyira mwana wake wamkulu, iye n'kugula kanyumba kobwera m'zidutswa. Lole inatsitsa matabwa odula kale, lililonse ndi nambala yake, malata, thumba la mabawuti ndi kabuku ka zithunzi kosonyeza kalumikizidwe kake.

Anamumangira ndi mlamu wake, mng'ono wa malemu, kalipentala wa pakamwa posatopa. Pa masiku asanu ndi anayi kanyumbako kanaima ngati manja awiri ogundana popemphera, denga lochoka pansonga kudzafika pansi mbali zonse ziwiri. Pansi panakwana makina osokera, tebulo lositira ndi mbaula basi. Bedi linali m'mwamba, kokwera ndi makwerero.

"Alamu, muno musanenepe," anatero kalipentala, "mudzagona miyendo ili panja."

Kenako analoza pansonga, pamene panali kazenera ka timatabwa topendeka, kopanda chotsekera.

"Apo m'pamphuno pa nyumba. China chilichonse sinthani, koma apo ayi."

Nyengo yozizira itafika, mphepo inayamba kuimba likhweru pakazenerako, ndipo likhwerulo linkafanana ndi limene malemu ankaimba akamalowa pageti. Telalayo analipirira masiku atatu. Tsiku lachinayi anakwera ndi mtolo wa zigamba, n'kuzikanikiza m'mipata yonse, pamwamba n'kukhomerapo katoni. Pansi pa chitseko anatchingapo thaulo. Nyumba inati zii, ndipo makala a m'mbaula ndi a m'simbi anaifunditsa ngati chisa.

Chinayamba ndi mphaka wake. Ankafika pakhomo, kununkhiza, n'kubwerera cham'mbuyo. Kenako galasi la chitseko linayamba kutuluka thukuta. Masana aliwonse mutu unkamulemera telalayo, singano n'kumaoneka ziwiri. Iye ankangoti ndi ukalamba.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, akusita siketi, anamva makwerero akulira kumbuyo kwake. Kwe. Patapita kanthawi, kwe. Atacheuka anaona mapazi awiri pa thabwa lachitatu kuchokera pamwamba, atavala nsapato zakuda zimene iye mwini anapukuta tsiku la maliro. Mwamuna wake anali atakhala pamenepo, manja pamaondo, akumuyang'ana.

Sanakuwe. Anangoimika simbi, misozi ili chuchuchu. Koma wina atagogoda kudzatenga buluku lake, iye n'kutsegula chitseko, mphepo inalowa ndipo pamakwerero panalibe munthu. Sipanapite masiku ambiri asanazindikire kuti mlendo wakeyo amabwera pokhapokha nyumba ikatsekedwa, makala akuyaka. Ndiye anayamba kutseka msanga, ndi kuwonjezera makala.

Mlamu wake anabwera Loweruka masana kudzamangitsa mabawuti. Asanamalize n'kapu ya madzi yomwe, anagwira pachipumi. Anakweza maso, n'kuona katoni pansonga.

"Alamu, mwaitsina mphuno nyumba! Mpweya wa makala suoneka, sununkha, koma umapha. Patukani ndikwere."

Telalayo anaima kutsogolo kwa makwerero.

"Akulu anu amabwera muno," anatero motsitsa mawu. "Amakhala pamenepa."

Kalipentala uja nthabwala zinamuuma pakamwa. Anayang'ana makwerero opanda munthu, tsitsi n'kumunyerenyetsa.

"Amati chiyani?"

"Salankhula."

"Ndiye si iwo. Akulu anga kukhala chete? Aja ankayankha ndi wailesi yomwe. Alamu, chimene chikubwera munocho sichikudzakuonani, chikudzakutengani."

"Ndamva. Nditsegula ndekha mawa. Kuzizira kwa lero lokha kudutse."

Kukankha mkazi wa mkulu wake m'nyumba mwake momwe sakanatha. Anatsegula chitseko chonse, n'kutulutsa mbaula panja, n'kumulumbiritsa kawiri. Atangokhota pamsewu, mbaula inabwerera m'nyumba.

Mawa lake kunacha ndi mvula yowaza. Telalayo anayang'ana katoni ija n'kuti, ikakata. Lolemba anati, ndikamaliza diresi la aphunzitsi. Tsiku lililonse mlendo uja ankatsika thabwa limodzi.

Lachitatu kunazizira kolowa m'mafupa. Anakoleza mbaula, anadzaza simbi, anatchinga thaulo. Diresi la aphunzitsi linali patebulo, longotsala kusita. Makwerero sanalire tsiku limenelo. Atakweza mutu, mwamuna wake anali ataima pansi, pafupi moti akanatha kumukhudza malaya.

"Bambo," anatero telalayo, "mwatsika lero?"

Apa m'pamene mayiyo anaona chimene sanachione masiku onsewo: chifuwa cha mlendoyo sichinkakwera kapena kutsika, ndipo maso ake sankaphethira. Sanali maso a munthu wosowa mkazi wake. Anali maso a munthu amene akudikira kuti mnzake amalize kumanga katundu, anyamuke.

Mantha anamugwira. Chitseko chinali mapazi atatu okha, m'kanyumba kamene ankakaseka kuti n'kochepa, koma miyendo inasanduka thonje. Anagwa chogwada, anakwawa, anatambasula dzanja. Zala zinangokhudza thaulo lija. Nsapato zakuda zinasendera n'kuima pambali pa tsaya lake.

Zotsatira anachita kuuzidwa. Mphunzitsi mwini diresi anafika asanakwane maola amene anapangana, chifukwa ana anaweruka msanga ndi mvula. Atagogoda osayankhidwa, anasuzumira pagalasi la chitseko n'kuona dzanja pansi. Anaswa galasilo ndi mwala, n'kutsegula chitseko, n'kumukokera telalayo panja ndi mapewa.

Telalayo anatsitsimuka kuchipatala patapita masiku awiri. Adokotala ananena zimene mlamu wake ananena kale, kuti mpweya wa makala ukadzaza m'magazi, munthu amaona ndi kumva zimene palibe. Iye sanatsutse, komanso sanavomere. Kalipentala anali pamutu pa bedi, maso ali psu.

"Ndikanakukankhani tsiku lija, alamu. Mukanandida, koma mukanakhala muli bwino."

"Munanena," anatero mayiyo. "Makutu ndinali nawo."

Moyo unatsala, koma manja sanabwerere. Zala zimene zinkalowetsa ulusi pasingano osayang'ana zinayamba kunjenjemera, ndipo muyeso wa munthu ankauiwala tepi isanachoke m'chiuno. Makasitomala anapirira mwezi umodzi, kenako anapita kwa ena mmodzimmodzi, mwaulemu. Anabwerera kukakhala kwa mwana wake, m'nyumba yomwe anaithawa ija, ndipo mpaka lero sagona m'chipinda chotseka. Akamva mtsikana wantchito kapena mdzukulu akuti "ndichita mawa," amamuyang'ana nthawi yaitali, n'kukweza manja ake onjenjemerawo kuti awaone.

Ngozi anaidziwa, chochita anachidziwa, ndipo chinali cha mphindi zisanu. Chimene chinamugwira ndi kufunda kwa malo amene anayenera kuwathawa. Akuluakulu sananame: pakadafunda padajiwitsa galu.