Mtsiro wa m'Nyumba ya Mtsogoleri

Kalekale, ana inu ndi akulu omwe, Namzeze ndi mwamuna wake ankazira pansi m'nyumba ya mtsogoleri wa nyama zonse. Mmawa wina bamboyo anaponda pakona, mtsiro usanaume.

"Bambo, mwadindanso mapazi."

"Ndisalaza ndikabwera, mayi. Ndikatapeko dothi lina."

Anauluka. Kudambo kunali mphamba, mbalame yogwira zinzake. Sanabwerenso.

Nyumbayo inali ndi mwambo wake. Mtsogoleri watsopano akamalowa, ankaziritsa pamwamba pa dothi la mnzake. Fulu, amene anaimanga, anaziritsa lakuda. Njati lofiira. Njovu loyera. Pansi pankakwera, khomo n'kumafupika. Namzeze ankazirabe ponse, koma pakona paja, pa mapazi a mwamuna wake, ankalambalala.

Kenaka nyama zinasankha Mvuu. Anafika ndi madengu ake a chimanga, nalowetsa mutu bwinobwino, koma mimba inangoti gwa pakhomo. Anamutulutsa pomukoka mchira.

"Kumbani pansi ponse," anatero akupuma wefuwefu. "Mpaka m'makona."

Akumbi anabwera ndi makasu. Namzeze anayang'ana pakona paja, natera pamphuno pa Mvuu.

"Pepani bwana, kaya andinamiza. Akuti inu m'nyumba muno mungakwane?"

"Akakumba ndikwana."

"Ooh. Basi tilemba choncho."

"Mulemba chiyani?"

"Mbiri ya nyumba, bwana. A Fulu anakwana. A Njati anakwana, nyanga zokha zinkagona panja. A Njovu anakula, sanakwane, ankagona pakhonde. Ndiye a Mvuu anakwana, ngati a Fulu."

Mvuu anasiya kutafuna.

"Ine ngati Fulu?"

"Si zoipa. Anali achikulire abwino, odya pang'ono."

"Siyani makasuwo. Ndigona pakhonde."

"Mofanana ndi a Njovu. Tilemba choncho."

"Mofanana? Iwe kambalame, undiyang'ane bwino. Ine pakhonde sindingakwane."

"Kapena pabwalo?"

"Pabwalo pachepa."

Namzeze anaweramitsa mutu ngati akuganiza kwambiri. "Malo a msinkhu wanu ndikudziwa amodzi okha, bwana. Alibe khomo, alibe denga. Koma palibe mtsogoleri anayesapo."

"Kuti?"

"Kumtsinje."

Mvuu ananyamuka, di di di, nyama zikuomba m'manja, nakadziponya m'madzi, khuvu. Anatulutsa maso ndi makutu okha.

"Lembani."

"Talemba, bwana."

Mpaka lero akadali komweko. Akayasamula chikamwa chonse chija, ndiye kuti akufunsa ngati kwabwera wina womuposa.

Wamkulu sakankhidwa, ana inu. Mumangomuuza kuti wakulitsa, amasuntha yekha. Nthano yanga yatsamira pamenepa.

Nyumbayo ikadalipo, atsogoleri akulowabe mowerama. Pansi pakwera zala zina zinayi. Pakona imodzi pali kadzenje, ndipo wosesa aliyense amauzidwa kuti tsache lisafikepo.