Aneneri a Pakamwa Pamodzi

Kalekale, m'dziko la Israeli musanakhale mfumu, padali mudzi wina pamwamba pa phiri. Senderani kuno kumoto, ana inu, nkhani iyi ndi yozizira. Mudziwo udali ndi linga lamiyala, ndipo lingalo lidali ndi chipata chimodzi chokha. Masiku amenewo anthu ankatsogoleredwa ndi oweruza. Oweruza ena adali ngwazi zoopsa pankhondo. Koma woweruza wa mudzi uwu, dzina lake Pelatiya, sadali ngwazi ayi. Adali munthu wamfupi, wa mawu otsika, wamantha. Galu akauwa, iye ankadzidzimuka. Akakhala pansi pa mkuyu wa pachipata kuti aweruze mlandu, ankaopa kulakwira munthu wosalakwa.

"Oweruza a makedzana ndiwo adali amuna," anthu ankatero. "Ife tidatsala ndi Pelatiya."

Komabe milandu yawo ankapita nayo kwa iye yemweyo, poti munthu sangakatule mlandu kumanda.

Chaka china, barele, mbewu yonga tirigu, atangocha, achifwamba a kuchipululu adabwera pa ngamira. Adamanga mahema m'chigwa, kunsi kwa phiri. Adakolola minda ya eni. Adalanda nkhosa. Anthu onse adathawira m'linga, natseka chipata ndi mpiringidzo wachitsulo. Tsiku ndi tsiku ankasuzumira pamwamba pa linga, n'kumaona utsi wa adani akuwotcha nyama yawo. Nkhokwe zidayamba kupepuka. Ana adayamba kugona ndi njala.

Pelatiya ndi mkazi wake Atara adali ndi mwana mmodzi, Hasadiya, mnyamata wamtali, waphuma, amene anzake onse ankamumvera.

"Bambo, tikhala mpaka liti ngati mbewa kuuna?" ankafunsa. "Tiloleni titsike tikamenyane nawo!"

"Dikira, mwanangu. Mulungu sanalankhule."

M'mawa wina kudamveka kugogoda pachipata. Go! Go! Go! Adali mlendo wovala mkanjo waubweya, monga ankavalira aneneri, ndodo ili m'manja. Alonda adamulowetsa pa kakhomo kakang'ono ka pachipatapo. Mlendoyo sadapereke moni. Adaima pansi pa mkuyu, nakweza ndodo.

"Tsegulani chipata! Tsikani kuchigwa!" Apa adatsokomola, kho! napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja lamanzere. "Adani anu agona ngati nkhosa zokhuta."

Amayi adaliza nthungululu. Anyamata adathamangira mikondo yawo. Koma Pelatiya adati, "Mboni imodzi siitha mlandu. Tidikire."

Dzuwa lili pamutu, Go! Go! Go! Mlendo wina, wochokera njira ya kumpoto, wonenepa, wadazi. Naye adaima pansi pa mkuyu.

"Tsegulani chipata! Tsikani kuchigwa!" Kho! Adapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja lamanzere. "Adani anu agona ngati nkhosa zokhuta."

"Mboni ziwiri!" anthu adafuula. "Nanga mukufunanso chiyani, bambo?"

Pelatiya sadatsegule chipata.

M'mawa mwake adabwera wachitatu, nkhalamba ya ndevu zoyera. Kenako wachinayi, mnyamata wosamera ndevu n'komwe. Kenako ena, ena, mpaka mthunzi wa mkuyu udadzaza mikanjo yaubweya. Aliyense ankachokera njira yakeyake. Aliyense ankanena mawu omwewo. Aliyense ankatsokomola pamalo pomwepo, kho! n'kupukuta pakamwa ndi dzanja lomwelo.

Mudzi wonse udavina. Pelatiya yekha adalowa m'nyumba, nakhala pansi, mawondo akuwombana.

"Bambo a Hasadiya, chavuta n'chiyani?" adafunsa Atara. "Mulungu watiyankha, inu n'kumanjenjemera?"

"Mayi, wawamva anthuwa mmene akulankhulira?"

"Ndawamva. Onse akugwirizana."

"Ndicho chikundiopsacho. Ndili mwana, mphunzitsi wanga wa Malamulo adandiuza kuti uthenga umodzi ukhoza kufikira aneneri ambiri, koma aneneri awiri salankhula mofanana. Madzi a chitsime chimodzi amanunkha mtsuko umene watungira. Nanga awa? Wadazi ndi wandevu, nkhalamba ndi mwana, chifuwa chimodzi?"

Zimenezi, ana inu, arabi, aphunzitsi akale a Ayuda, adaziphunzitsa ndithu: mneneri woona amalankhula ndi pakamwa pake, osati pa mnzake.

Tsono Pelatiya adachita monga amachitira woweruza ndi mboni. Adawaitana alendowo mmodzimmodzi, kuseri kwa nkhokwe. Adayamba ndi wadazi uja.

"Pepani, bambo, kwanu ndi kuti?"

"Tsegulani chipata! Tsikani kuchigwa!" Kho!

"Ndamva. Koma mayi anu dzina lawo ndani?"

"Adani anu agona ngati nkhosa zokhuta."

Pelatiya adamuyang'anitsitsa. Ntchentche idatera pa diso la munthuyo, n'kumayenda pa disopo. Iye osaphethira. Osaphethira m'pang'ono pomwe!

Pelatiya adaitana mnyamata wosamera ndevu uja, namupatsa chikho cha madzi. "Imwa, mwanawe, wayenda ulendo wautali. Dzina lako ndani?"

Mnyamatayo adamwa madzi onse, nagwetsa chikho pansi, nati, "Tsegulani chipata!"

Pelatiya adatuluka kuseri kwa nkhokwe. Adazindikira kuti anthuwo adalibe mawu ena m'mimba mwawo. Chinthu chimodzi chinkalankhula mwa onsewo, ndipo chinthucho sichidali cha Mulungu.

M'mudzimo mudali aneneri awiri amene anthu adawaiwala chifikire alendo. Wina adali Zabudi, woweta mbuzi, munthu wamwano amene palibe ankamukonda. Wina adali Temima, mayi wamasiye wosaona bwino, amene ankalankhula monong'ona. Pelatiya sadatume munthu. Adapita yekha ku khola la mbuzi, napitanso yekha ku kanyumba ka Temima, nabwera nawo pachipata, wina kudzanja ili, wina kudzanja ilo.

"Ngati Mulungu wakuuzani kanthu, nenani," adawapempha.

Zabudi adalavula pansi. "Zitsiru inu! Kuseri kwa mwala uliwonse kuli mkondo! Wotsika kumeneko ndi nyama ya miimba!"

Temima adayamba kulira. "Ine ndaona amayi akutandika mphasa madzulo," adanong'ona, "koma ogonapo osabwera. Ana anga, khalani m'linga."

Anthu adaseka mokwiya. "Tamverani! Awa ndi awiri okha, komanso sakugwirizana. Uyu akuti miimba, uyu akuti mphasa. Alendowa ndi ambiri, ndipo mawu awo ndi amodzi!"

"Akugwirizana," adatero Pelatiya. "Zabudi watukwana monga amatukwanira Zabudi. Temima walira monga amalirira Temima. Koma onse akuti tisatsike. Chipata sichitsegulidwa."

Eee, phokoso lake! "Wamantha! Mkazi! Tichotsereni munthuyu!" Wina adaponya mwala, udamugunda paphewa. Pelatiya sadabwezere. Adapita pachipata, nakumbatira mpiringidzo ndi manja onse awiri, natsinzina.

"Wofuna kutsegula ayambe wadula manja angawa," adatero.

Palibe adalimba mtima kudula manja a woweruza. Anthu adabalalika akung'ung'udza. Koma aneneri achilendo aja sadabalalike. Adayenda m'mudzi monse, khomo ndi khomo, osatopa, osadya. Tsegulani chipata. Tsikani kuchigwa. Kho! Ana aang'ono adayamba kuwatsanzira posewera. Mayi wina akusinja adadzidzimuka atamva pakamwa pake pakunena mawu omwewo.

Hasadiya adabwera kwa bambo ake pachipata, mkondo uli m'manja.

"Bambo, mwatichititsa manyazi. Anzanga akundiseka."

"Akuseke uli moyo, mwanangu."

Mnyamatayo adatembenuka, nachoka.

Masana a tsiku lotsatira, dzuwa likuswa mtengo, anthu atabisala m'nyumba, alendo aja adatsogolera anyamata kuseri kwa mudzi. Adaponya zingwe pa linga, natsika mmodzimmodzi. Pelatiya adali pachipata, sadaone kanthu. Adadziwa pamene Atara adabwera akuthamanga, mpango utagwa kumutu.

"Apita! Hasadiya wapita, ndi anzake omwe!"

Anthu adakwera pa linga. Adaona mikanjo yaubweya kutsogolo, anyamata pambuyo, akutsetsereka mpaka adalowa m'miyala ya kuchigwa. Adadikira kumva mfuu ya nkhondo. Kudali zii. Ngakhale mbalame sidalire.

Dzuwa litapendeka, mlonda adakuwa, "Kukubwera munthu!"

Adali mmodzi yekha. Ankakwera njira ya kuchipata, wopanda mkondo, manja ali lendelende, akuyenda ngati womukoka ndi chingwe. Adafika. Go! Go! Go!

Pelatiya adasuzumira pa mng'alu wa thabwa. Adali Hasadiya. Nkhope yake idali yotuwa, maso ali tong'oo.

"Mwanangu! Anzako ali kuti?"

"Tsegulani chipata!" adatero Hasadiya. "Tsikani kuchigwa!" Kho! Adakweza dzanja lamanzere, napukuta pakamwa.

Atara adagwa pansi, nagwira miyendo ya mwamuna wake. "Tsegulani! Ndi mwana wathu uyu, tsegulani!"

Pelatiya adasuzumiranso. Kumbuyo kwa mwanayo, kuseri kwa miyala ya m'mbali mwa njira, adaona tinthu tikung'anima padzuwa. Nsonga za mikondo. Zambirimbiri. Adani adali atakwera phiri mwakachetechete, akudikira kuti mpiringidzo uchoke.

Pelatiya adalingalira. Akatsegula chipata, mudzi watha. Akalowetsa mwanayo pa kakhomo ali ndi mawu amenewa m'kamwa, iye yemweyo adzachotsa mpiringidzo anthu ali m'tulo. Akamusiya kunja, amubaya iye akuona.

Adagwada, naika pakamwa pa mng'alu uja.

"Hasadiya, ndine bambo ako. Undiuze dzina la mayi ako."

"Adani anu agona ngati nkhosa zokhuta."

"Undiuze chimene udadya dzulo, mwanangu. Chilichonse. Ngakhale unditukwane, koma unditukwane ndi mawu ako."

"Tsegulani chipata!"

Misozi idatsika pa ndevu za Pelatiya. Adasiya kufunsa ngati woweruza.

"Mwanangu, ine ndikuopa. Ukudziwa kuti ndine wamantha chibadwire. Tsiku limene udabadwa ndidaopa kukunyamula, ndimati ndikugwetsa. Utayamba kukwera mitengo ndinkabisala m'nyumba kuti ndisaone. Koma mantha a lero sindidawamvepo. Nanga iwe, mwanangu, kunjako, sukuopa?"



"Tsegulani chipa..." Mawu adaduka. Maso a mnyamatayo adaphethira, kamodzi, kawiri.

"Bambo," adanong'ona. "Ndikuopa. Anzanga onse awapha. Musatsegule, bambo, ali kumbuyo kwangaku!"

Pelatiya adakankha kakhomo kaja, nagwira mwanayo pa lamba, namukoka ndi mphamvu zimene sadadziwe kuti ali nazo. Onse awiri adagwera m'kati, khu! Atara adamenyetsa kakhomo, alonda napiringidza. Nthawi yomweyo mikondo idagwa pa matabwa ngati matalala. Thoo! Thoo! Thoo! Adani adakuwa, adagunda, adayesa kukwera linga, koma anthu adawagubuduzira miyala. Chipata chidapirira.

Achifwambawo adakhalabe m'chigwa mpaka msipu wa ngamira zawo udatha. Kenako adazula mahema, nabwerera kuchipululu. Anthu adatsika, napeza ana awo pakati pa miyala, nawaika m'manda. Koma aneneri achilendo aja, amoyo kapena akufa, sadapezeke ngakhale mmodzi.

Hasadiya adakhala nthawi yaitali osafuna kulankhula. Tsiku lina mayi ake adamufunsa, "Adakuchita chiyani anthu aja, mwanangu? Adakumwetsa mankhwala?"

"Ayi, amayi. Ndidangowamva mawuwo, kuwamva, kuwamva. Kenako ndidapeza kuti anga palibe."

Palibe adamuimbira nyimbo Pelatiya. Mudzi udali pa maliro. Mmodzi mwa amayi oferedwa adabwera pansi pa mkuyu, naima pamaso pake.

"Inu mudadziwa," adatero. "Mudagwira chipata. Bwanji simudagwire ana athu?"

Pelatiya adatsika pa mpando wake woweruzira, nakhala m'dothi pafupi ndi mayiyo, nalira naye limodzi mpaka dzuwa lidalowa.

Nthano yanga yafika pamapeto, nkhuni nazo zanyeka. Mukamva pakamwa pambiri pakutuluka mawu amodzimodzi osasiyana n'pang'ono pomwe, yambani mwafunsa kuti mwini mawuwo ndani.