Khasu la Lungazi pa chitsa cha mtondo

Kalekale, misewu isanadutse kuno, m'mudzi mwathu munali gogo wathu Kanyumbu, wosula makasu. Munthuyo anali waliuma! Anaphunzitsa mphwake Lungazi kupopa mvukuto, kuyang'ana moto, kumenya chitsulo chikadali chofiira, mpaka Lungazi anamera ndevu ali pachipala, posulira makasu pomwepo.

Tsono mwambo wa osula unali wakuti munthu sayatsa chipala chakechake khasu lake lisanayesedwe ndi mmisiri wa mudzi wina. Likathyoka, basi, ankabwerera kukapopa mvukuto. Nanga woyesa anali ndani? Mphonde wa kutsidya, amene sankamwerana madzi ndi Kanyumbu!

Mlongo wake wa Kanyumbu, mayi a Lungazi, anabwera kudzamuchonderera.

"Achimwene, Mphonde amugwetsa mwanayu. Mpatseni khasu lanu apite nalo. Adziwa ndani?"

"Lidziwa dothi," anatero Kanyumbu. "Kodi ine ndikafa, adzabwereka la yani?"

Koma musamuone kuuma pakamwa, mtima unali phaphapha! Ananyamuka ndi mphwake, nawoloka mtsinje, anthu ali piringupiringu pambuyo.

Mphonde analitenga khasu la Lungazi lija. Analitembenuza, nalitembenuzanso, kufuna chilema. Kenaka analunjika pa chitsa cha mtondo. Kha! Khasu lili chilili. Kha! Lili chilili. Mukuganiza analeka? Anavula nsalu ya paphewa, nalavulira m'manja, nalikweza ndi mkwiyo wake wonse. Khaa! Chitsa chinang'ambika pakati, khasu osapindika n'komwe.

Nthungululu! Mayi a Lungazi anagubuduka m'fumbi. Kanyumbu, munthu wosaseka uja, anavina mpaka nsalu kumasuka. Mphonde anatenga nyundo yake yomwe, nayiika m'manja mwa Lungazi.

"Kayatse moto wako. Amene akukayikira, abwere adzafunse ine."

Mwamva? Akanamuyamikira malume ake okha, anthu akanati n'chibale. Koma atavomereza mdani, makasu a Lungazi anafika mpaka kumidzi imene iye sanapondeko.

N'chifukwa chake kwathu kuno sitibisa mwana kumayeso, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Iwe Tiyanjane, waphunzira kulumikiza magetsi a dzuwa, ndipo ukuopa okuyesa aboma poti sakukudziwa. Asakudziwe kumene! Pita, akamenye khasu lako pachitsa. Ndiwe mdzukulu wa Lungazi iwe.